Woyambitsa Nyimbo: Udindo Umene Sunacoke M'mipingo ya ku Moatize ndi Zóbuè

Mbiri ya mipingo ya kuno kwathu imalembedwa ndi maina a ansembe, abusa ndi mabishopu. Timawerenga kuti bambo wakuti anafika caka cakuti, anamanga chalichi pamalo akuti, ndipo anacoka caka cakuti. Zimenezo n'zoona ndithu, koma pali udindo wina umene mabuku amaudumpha. Ndi udindo wa munthu amene amatulutsa liwu loyamba anthu akasonkhana kudzapemphera, kuti ena onse avomere. M'tauni ya Moatize ena amamucha maestro, kwa Akatolika mudzamva akuti animador do canto, amene anakhalako ku Malawi amati kwayamasitala, pamene agogo athu m'midzi ya ku Zóbuè amangoti woyambitsa nyimbo.

M'zaka zana zapitazi akhristu a m'cigawo ca Tete anatsala okha kangapo konse. Amishoni ena anathamangitsidwa, ena anacoka okha, machalichi anatsekedwa, mabuku anapsa pamodzi ndi nyumba. Nthawi zonsezo mapemphero sanathe, ndipo amene ankatsegula pakamwa poyamba anali munthu yemweyu. Tiyeni tilondole mapazi ake, tione kumene luso lake linacokera, zimene linapirira, ndi cimene cikuliopseza lero.

Luso limene amishoni analipeza

Disitiritu ya Moatize ndi yaitali. Kucokera m'tauni ya malasha, kufupi ndi mtsinje wa Revúbuè, mpaka pacipata ca Zóbuè pamene timawolokera ku Mwanza, pali makilomita ngati 100. Kumunsi kotentha kuja anthu ambiri amalankhula Cinyungwe, kumtunda kozizira kuno timalankhula Cinyanja. Koma maimbidwe athu ndi apacibale: mmodzi amayambitsa, gulu limavomera.

Amishoni asanabwere, luso limeneli linalipo kale pamtondo, pa dima, pacinamwali pamene anamkungwi amatsogolera, pamaliro ndi pabwalo la gule. Malamulo ake sanalembedwe, koma aliyense ankawadziwa. Woyambitsa wabwino satengera nyimbo pamwamba pamene amayi acikulire sangafikepo. Sathamangitsa nyimbo yacisoni, sakoka nyimbo ya cikondwerero. Amadziwa nyimbo zambiri, pakuti nyimbo imodzi sacezera gule. Ndipo amadziwa kusiya mpata, cifukwa nyimbo yathu ili ngati kukambirana: ukalankhula wekha osapuma, mnzako ayankha pati?

Anyungwe ali ndi citsanzo cina pa gule wa nyanga, amene katswiri wa nyimbo Andrew Tracey anamufotokoza m'nkhani imene anafalitsa mu 1971. Pa nyanga munthu aliyense amagwira zitoliro zocepa zokha, ndipo nyimbo yathunthu imamveka pokhapokha aliyense akaliza pa nthawi yake n'kusiyira mnzake. Palibe amene angaimbe nyanga yekha. Anthu ozolowera maimbidwe oterewa ndi amene anayamba kulowa m'machalichi oyamba.

Njira ziwiri zimene nyimbo za chalichi zinadzera

Nyimbo za cikhristu zinafika kwathu kudzera njira ziwiri. Yoyamba inakwera ndi mtsinje wa Zambezi. Ansembe a Cijezwiti anatsegula mishoni ya Boroma, kumtunda kwa Tete, mu 1885, ndipo mmodzi wa iwo, bambo Victor Courtois, analemba galamala ndi mtanthauziramawu wa cilankhulo ca ku Tete. Mu 1908 anafika ku Lifidzi, ku Angónia. Masiku amenewo Misa inali m'Cilatini. Wansembe ankaimba, anyamata ocepa a pasukulu ya mishoni n'kumuyankha, khamu lonse likumvetsera. Anthu wamba ankapeza mpata wawo pa korona, pa katekisimu ndi pa nyimbo zocepa zomasuliridwa, ndipo wotsogolera zimenezi kumidzi anali katekisita.

Njira yaciwiri inacokera kum'mawa, ku Nyasaland. Pangano la Apwitikizi ndi Angelezi la mu 1891 linadula malire pakati pa anthu a mtundu umodzi, koma silinaletse maukwati, maliro ndi malonda. Tsidya linalo mamishoni anayandikira malire athu: Asikoti anali ku Blantyre kuyambira 1876, a Dutch Reformed anayamba ku Mvera mu 1889, ansembe a Montfort anafika ku Nzama mu 1901 ndi ku Neno mu 1906, ndipo a Adventist anakhazikika ku Matandani mu 1908. Munthu wa ku Zóbuè akapita kukaona abale ake ku Mwanza kapena ku Neno, ankabwerako ndi mcere, nsalu, ndi nyimbo yatsopano pakamwa.

Amishoni a Ciprotestanti anabweretsa njira yophunzitsira kuimba yochedwa sol-fa, imene mbusa wina wa ku England, John Curwen, anaifalitsa m'zaka za m'ma 1800. M'malo mwa mizere ndi timadontho, njira imeneyi imagwiritsa nchito zilembo d, r, m, f, s, l, t. Ubwino wake unali wakuti sinkafuna limba. Mphunzitsi wapamudzi, ndi kamtengo m'manja ndi zilembo pabolodi, ankatha kugawa anthu m'mawu anayi, sopurano, aluto, tenala ndi besi. Mu 1916 mamishoni a ku Nyasaland anatulutsa pamodzi buku la Nyimbo za Mulungu, ndipo mu 1922 Buku Lopatulika lathunthu linamalizidwa. Mabuku awiriwa anawoloka malire m'matumba a anthu.

Popeza mabuku anali ocepa ndipo odziwa kuwerenga anali owerengeka, wotsogolera ankachula mzere umodzi mofulumira, anthu n'kuuimba, iye n'kuchula wotsatira. Mwa njira imeneyi nyimbo ya ku Ulaya inalowa m'cikombole cathu ca kuyambitsa ndi kuvomera. Panalinso vuto lina limene woyambitsa ankalimbana nalo. M'Cinyanja timatalikitsa phatikizo lotsatana ndi lomaliza la liwu, pamene mizere yambiri ya nyimbo za Cingelezi imathera pa phatikizo lamphamvu. Omasulira ankadula zilembo kuti mawu akwane, ndipo nthawi zina liwu linkapindika. Mipingo inakonza zimenezi ndi makutu ake: inacedwetsa nyimbo, inakoka pamene lilime lathu limafuna kukoka, mpaka nyimbo zacilendozo zinayamba kumveka ngati zobadwira konkuno.

Phunziro la 1922

Kuyesedwa koyamba kunacitikira anansi athu a kumpoto, ku Angónia, kumene ambiri a ife tili ndi abale kudzera ku Tsangano. A Dutch Reformed anatsegula mishoni ya Mphatso mu 1909 motsogozedwa ndi mbusa A. G. Murray. Boma la Apwitikizi silinkawakhulupirira amishoni olankhula Cingelezi ndi Cibunu okhala m'mphepete mwa malire, ndipo mu 1922 linatseka nchito yawo. Amishoni anacoka, masukulu anatsekedwa.

Mpingo sunafe. Kwa zaka makumi angapo akhristu aja anapemphera m'midzi motsogozedwa ndi akulu a mpingo, ndipo pofuna ubatizo ndi mgonero ankawoloka malire kupita ku mipingo ya ku Nyasaland monga Mlanda. Taganizani cimene cinkafunika kuti mapemphero a Lamulungu acitike pamudzi wopanda mbusa, wopanda belu, wopanda sukulu. Pankafunika munthu mmodzi wodziwa kuwerenga Buku Lopatulika, ndi wina wosunga nyimbo pamtima amene angayambitse pa liwu loyenera. Ana amene sanapite kusukulu anaphunzira ciphunzitso ca mpingo wawo kudzera m'mavesi a nyimbo. Igreja Reformada em Moçambique imene tikuiona lero, ndi sinodi yake ya Mphatso, inamera pa citsa cimeneco.

Seminale ya ku Zóbuè ndi kulowa kwa ng'oma

Mu 1940 dziko la Portugal linasainirana Concordata ndi Acordo Missionário ndi likulu la Mpingo wa Katolika. Maphunziro a ana a anthu akuda anaperekedwa m'manja mwa mamishoni a Katolika. Pasukulu cilankhulo cinayenera kukhala Cipwitikizi, ndipo zilankhulo zathu zinaloledwa pophunzitsa cipembedzo. Conco mwana wa ku Moatize ankawerengera m'Cipwitikizi, kumva Misa m'Cilatini, n'kumalira maliro a agogo ake m'Cinyungwe kapena m'Cinyanja.

Nthawi imeneyo Tete anali pansi pa dayosizi ya Beira. Bishopu wake, Dom Sebastião Soares de Resende, anaitana ansembe a cipani ca Padres Brancos, amene ku Malawi amawacha White Fathers. Anafika mu 1946, ndipo patapita zaka zocepa anapatsidwa seminale yaing'ono ya ku Zóbuè. Anyamata ocokera kutali, ku Sofala, ku Manica ndi ku Zambézia, anabwera kudzaphunzira m'mapiri athu. Mmodzi wa iwo anali Jaime Gonçalves, amene pambuyo pake anakhala arkibishopu wa ku Beira. Monga m'maseminale onse a nthawi imeneyo, anyamatawa ankaphunzira maimbidwe a Cilatini ochedwa Gregoriano, oimbidwa ndi liwu limodzi, olembedwa pa mizere inayi. Amene anafika pa unsembe anali ocepa. Ambiri anabwerera kwawo n'kukhala aphunzitsi, makalaliki ndi makatekisita, ndipo luso lowerenga nyimbo ndi lotsogolera kwaya anapita nalo.

Dayosizi ya Tete inakhazikitsidwa mu 1962. Caka cotsatira, pa 4 Disembala 1963, msonkhano waukulu wa Vatican II unatulutsa cikalata ca za cipembedzo. Cikalataco cinalola zilankhulo za anthu pa Misa, cinafuna kuti khamu lonse lizitengako mbali, ndipo cinanena kuti maimbidwe a mitundu ya anthu a m'maiko a mishoni apatsidwe ulemu ndi malo. Ku Congo njira inali itaoneka kale: mu 1958 bambo Guido Haazen ndi anyamata a ku Kamina anajambula Missa Luba, Misa ya mawu a Cilatini yoimbidwa ndi ng'oma pa maimbidwe a kumeneko.

Kulowetsa ng'oma m'chalichi sikunali kophweka. Kwa Mcewa, mbalule ndi ng'oma ya pabwalo la Gule Wamkulu, ndipo akhristu acikulire anali atauzidwa pobatizidwa kuti asiyane nazo zimenezo. Ena mwa amene anakana ng'oma kwambiri anali iwowa. Woyambitsa nyimbo ndiye anali pakati pa mkanganowo. Anayenera kupeza kaombedwe kosakumbutsa anthu za kudambwe, kuyamba ndi kuomba m'manja ndi masece, n'kumazoloweretsa makutu pang'onopang'ono. Mipingo ina inatenga njira zina. A Reformada anacedwa kulandira ng'oma, a Adventist anakulitsa luso la mawu anayi popanda coimbira, pamene mipingo ya Ziyoni ndi ya Apositoli, imene machona anabwera nayo kucokera ku Rhodesia ndi ku Joni, inali ndi maimbidwe akeake kuyambira paciyambi, a Ziyoni ndi ng'oma zawo ndi kuzungulira kwawo.

Mpingo wopanda ansembe

Mu Meyi 1971 a Padres Brancos analengeza kuti akucoka m'Moçambique, ponena kuti Mpingo unali utagwirizana kwambiri ndi boma la atsamunda. Nkhondo yomenyera ufulu inali itakula m'cigawo ca Tete kuyambira 1968, ndipo anthu ambiri anasonkhanitsidwa mokakamiza m'ma aldeamento. Ufulu unabwera pa 25 Juni 1975. Pa 24 Julayi caka comweco masukulu ndi zipatala za mishoni zinakhala za boma, ndipo amishoni ambiri anabwerera kwawo. Cakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 machalichi ambiri m'dziko muno anatsekedwa, ndipo ansembe otsala sankaloledwa kuyenda momasuka m'midzi. Dom Paulo Mandlate, amene anakhala bishopu wa Tete mu 1976, analandira dayosizi yaikulu ndi ansembe owerengeka pa zala.

Mu Sepitembala 1977 Akatolika a dziko lonse anacita msonkhano ku Beira. Kumeneko anagwirizana kuti Mpingo uzikhala m'timagulu ting'onoting'ono ta akhristu, ndipo nchito zake zigawidwe kwa anthu wamba: wina woyang'anira gulu, wina wophunzitsa katekisimu, wina woyendera odwala, wina wotsogolera maliro, wina wa nyimbo. Apa woyambitsa nyimbo anazindikiridwa ngati mtumiki wa Mpingo, osati munthu wongothandiza wansembe.

Nchito yake inakulanso. Pa Lamulungu lopanda wansembe palibe kupatulitsa mkate ndi vinyo, ndiye mwambo wonse umatsamira pa Mawu ndi nyimbo. Nyimbo ndi imene imauza anthu kuti tsopano tayamba, tsopano tikupepesa macimo, tsopano tikumvetsera, tsopano tikupereka, tsopano tikubalalika. Woyambitsa anayenera kudziwa kalendala ya Mpingo pamtima: kuti pa nyengo ya Kwaresima saimba Aleluya, kuti nyimbo za Adventi si za Khirisimasi, kuti pa Lacisanu Loyera ng'oma zimakhala cete. Wansembe akafika kamodzi pa miyezi ingapo, ankapeza mpingo ukudziwa nyengo imene uli.

M'zaka zimenezi amayi anatenga malo aakulu. Kale kwaya ya mishoni inali ya anyamata a sukulu ndi mphunzitsi wawo. Sukulu itacoka m'manja mwa mishoni, anatsala ndi nyimbo anali amayi, amene ndi kale lonse amacezera m'siwa usiku wonse. Amayi a Legio Maria kwa Akatolika, a Chigwirizano kwa a Reformada ndi a Dorika kwa a Adventist anakhala nkhokwe za nyimbo. Mpaka lero, kwaya ikasowa pamaliro, palibe amene amada nkhawa ngati amayi a mpingo afika.

Kuthawa ndi kubwerera

Nkhondo ya zaka 16 inapweteka kwambiri cigawo cathu. Pamsewu wa Tete ndi Zóbuè galimoto zinkayenda pa coluna, moperekezedwa ndi asilikali a ku Zimbabwe. Pa 30 Okutobala 1985 ansembe awiri a Cijezwiti, bambo João de Deus Kamtedza, mwana wa ku Angónia amene analemba galamala ya Cinyanja, ndi bambo Sílvio Moreira, anatengedwa usiku ku Chapotera pafupi ndi Lifidzi n'kuphedwa. Kuyambira 1986 midzi yathunthu inasamuka. Pofika 1992 anthu a ku Moçambique othawira ku Malawi anaposa 1 miliyoni. A kuno ambiri anakakhala kwa abale m'midzi ya ku Mwanza, ena m'misasa monga Luwani ndi Chifunga.

Munthu wothawa usiku amanyamula mwana, poto ndi bulangete. Limba silinyamulika, ndipo mabuku ambiri anatsala. Cimene cinawoloka malire bwinobwino ndi cimene cinali m'mutu. M'misasa, anthu a midzi yosiyana akafuna kupemphera pansi pa mtengo, funso loyamba linali lakuti ndani ayambitse. Amene ankadziwa nyimbo zambiri anapezeka akutsogolera anthu amene sanawaonepo, Anyungwe, Asena ndi Acewa pamodzi.

Ku Malawi anthu athu anapeza makwaya okhazikika, a yunifolomu, okhala ndi masiku ophunzira nyimbo mkati mwa sabata ndi zikondwerero zopikisana. Acinyamata anaphunzira sol-fa m'makwaya a CCAP ndi a Katolika. Anadziwa buku la a Adventist la Khristu mu Nyimbo. Anamva Alleluya Band ya ku Balaka, imene inayamba mu 1978 pa parishi ya Katolika mothandizidwa ndi bambo Mario Pacifici, ndi Paul Banda ali patsogolo, ndipo anaona kuti gitala ikhoza kutumikira Mulungu. Ana anaphunzira kuwerenga m'Cicewa m'masukulu a kumeneko.

Mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, ndipo mmodzi wa amkhalapakati anali Dom Jaime Gonçalves, mwana wa seminale ya ku Zóbuè uja. Pakati pa 1993 ndi 1995 anthu anabwerera. Anapeza machalichi opanda madenga ndi minda itasanduka chire, koma m'mitolo yawo munali mabuku a nyimbo ndi makaseti. Anabweranso ndi mipingo yatsopano imene analowa ali kumsasa. Lamulo lalikulu la dziko la 1990 linali litatsimikiza ufulu wa cipembedzo, ndipo timachalichi taudzu tinamera m'mbali mwa msewu wonse. Kwaya monga tikuidziwira lero m'midzi ya ku Zóbuè, yokhala ndi wapampando, mlembi, msungicuma ndi maestro, inakula kwambiri m'zaka zimenezi.

Cizindikiro ca ulendo umenewu cikuoneka ngakhale m'kalembedwe. Mabuku a nyimbo amene ali m'machalichi athu ambiri anasindikizidwa ku Malawi, ndipo amalemba ch pamene kabuku kano kakulemba c. Kalembedwe kathu kanakonzedwa pa msonkhano wa akatswiri a zilankhulo ku Maputo mu 1988, ndipo kanayesedwa m'masukulu ena a ku Tete pakati pa 1993 ndi 1997, maphunziro a zilankhulo ziwiri asanafalikire. Mwana wa kwaya lero amawerenga njira zonse ziwiri osapunthwa.

Malasha, kiyibodi ndi zokuzira mawu

Tauni ya Moatize inayamba kusonkhanitsa anthu a mitundu yosiyana kuyambira pamene njanji yocokera ku Dona Ana inafika mu 1949. Koma kusintha kwakukulu kunadza kampani ya Vale itapatsidwa mgodi mu 2004 n'kuyamba kutumiza malasha kunja mu 2011. Pakati pa 2009 ndi 2010 mabanja oposa 1,300 anasamutsidwa, ena kupita ku Cateme, ena ku bairro 25 de Setembro. Mudzi ukagawika, mpingo ndi kwaya yake zimagawikanso: besi apita uku, woyambitsa apita uko, ndipo kumalo atsopano zonse ziyambirenso.

Anthu ofuna nchito anabwera kucokera ku Beira, ku Maputo, ku Quelimane, ku Zimbabwe ndi ku Malawi. M'chalichi cimodzi ca m'tauni mukhoza kukhala olankhula Cinyungwe, Cinyanja, Cisena, Cishona ndi Cipwitikizi. Wosankha nyimbo tsopano akusenza mtolo umene anzake akale sanaudziwe. Akaimbitsa Cipwitikizi cokhacokha, agogo akhala cete. Akaimbitsa Cinyungwe cokhacokha, mlendo adziona ngati wosafunika. Atsogoleri anzeru amasinthanitsa zilankhulo mkati mwa mwambo umodzi, n'kusankha nyimbo zokhala ndi kolasi yaifupi imene aliyense angaigwire ataimva kawiri.

Pamodzi ndi ndalama za malasha panabwera kiyibodi, maikolofoni, jenereta ndi zokuzira mawu. Mipingo ya Cipentekoste, monga Assembleia de Deus, inatsogola ndi magulu a louvor oima kutsogolo, oimba nyimbo za ku Brazil, za ku Malawi ndi za ku Zimbabwe zimene aziphunzira pa foni. Lero ngakhale kumudzi, sola imodzi ndi batire zimakwanira kuliza kiyibodi. Zipangizo zimenezi zili ndi ubwino wake. Zakokera acinyamata ambiri ku chalichi, zathandiza misonkhano ikuluikulu ya panja, ndipo zapatsa makwaya athu mwayi wojambula nyimbo zawo kuti zimveke pa wayilesi.

Koma pali cimene tiyenera kucionetsetsa. Woyambitsa wakale ankamvera anthu: akaona kuti nyimbo yawakwerera, ankaitsitsa pa vesi lotsatira, akaona kuti akupuma movutikira, ankacedwetsa. Kiyibodi yoikidwa pa kaombedwe kodziliza yokha simvera munthu. Liwiro limakhala limene woliza wasankha, ndipo liwu limakhala loyenera woimba wa maikolofoni. Zokuzira mawu zikakwezedwa kwambiri, munthu wa pabenchi sadzimvanso yekha, samvanso mnzake, ndipo posacedwa amatseka pakamwa n'kumangoomba m'manja. M'machalichi ena anthu asanu akuimba, mazana awiri akuonerera. Zimenezi zikutibwezera ku masiku a Cilatini, pamene ocepa ankaimba kutsogolo khamu likumvetsera, cinthu cimene makolo athu anacoka nako movutikira.

Cimene mbiri ikutiphunzitsa

Tisaganize kuti masiku othawa anatha kalekale. Mu 2015 ndi 2016 anthu a ku Nkondezi ndi midzi yozungulira, m'dera lomweli la Zóbuè, anathawiranso ku Kapise m'boma la Mwanza. Anaposa 10,000, ndipo msasa wa Luwani unatsegulidwanso. Kumeneko kunalibe magetsi olizira kiyibodi. Mipingo imene inali ndi anthu odziwa kuyambitsa nyimbo pakamwa ndi imene inatha kupemphera ndi kuika maliro ake mwaulemu.

Zida za woyambitsa zasintha kambiri: bolodi la sol-fa, buku la Cilatini, limba lopopa ndi mapazi, ng'oma, gitala, kaseti, kiyibodi. Muyeso wa nchito yake sunasinthe. Kodi anthu avomera? Ngati mayi wa kumbuyo amene ali ndi mwana kumsana akuimba, ngati agogo osawerenga akudziwa polowera, ngati mlendo wagwira kolasi, wotsogolerayo wagwira nchito. Ngati akumveka ndi iye yekha, kaya liwu lake likome cotani, mpingo sunapemphere naye.

Inu a maestro ndi acinyamata a louvor, yesani kuimbitsa nyimbo imodzi kapena ziwiri Lamulungu lililonse makina atazimitsidwa, kuti mpingo uzidzimva. Musanayambe, funsani amayi acikulire ngati liwu mwatengalo akulifikira. Pitani kumaliro, cifukwa kumeneko ndi kumene luso lakale likuphunzitsidwabe: usiku wonse, popanda buku, munthu ayenera kudziwa nyimbo yotonthoza pamene olira afika, ndi nyimbo yodzutsa anthu tulo kukamaca.

Inu akulu a mipingo, amayi ndi abambo amene anayambitsa nyimbo m'zaka za 1977 mpaka 1992 akalipo pakati pathu, koma akutha caka ndi caka. Ena a iwo anapeka nyimbo zawozawo kumsasa ndi pobwerera, nyimbo zosalembedwa m'buku lililonse. Foni yomweyo imene timakoperapo nyimbo za ku Brazil ikhoza kujambula agogo amenewa. Khalani nawo pakhonde, aimbe, mulembe mawu ake m'kope, mulembenso dzina la woimbayo, mudzi wake, ndi kumene anaiphunzira nyimboyo. Kope limenelo lisungidwe pamodzi ndi buku la ubatizo, ndipo mwana mmodzi kapena awiri a m'kwaya apatsidwe nchito yoziphunzira nyimbozo mpaka atazisunga pamtima.